Bampala ya a Giyawani

"Kankhani! Kodi mwadzuka osadya? Kankhani, inu!"

A Langton ankakuwa mutu uli pawindo, phazi litaponda faya mpaka pansi. Pikapu yawo inalira ngati ng'ombe yokana goli, utsi wakuda n'kuphimba onse amene ankakankha kumbuyo, koma matayala anangozungulira pamalo amodzi n'kumadzikumbira dzenje mumchenga. Pamwamba, mulu wa manachesi unagwedezeka, angapo n'kugubuduzikira pansi.

"Alamu, zimitsani," anatero a Yakobe, mchimwene wa akazi awo, akutsokomola. "Ife tikukankhira kutsogolo, galimoto yanu ikulowera pansi. Kodi msika wa manachesi ausamutsira kunsi kwa nthaka?"

Malowo anthu a kwa Kanduku amawatcha pa Tsikani. Ndi kamtsinje kopanda mlatho, kamene mvula ikangotha kamasanduka mchenga wokhawokha, ndipo kutsidya kwake kuli chitunda chachitali. Dzinalo linachokera pakamwa pa a Langton omwewo. Kwa zaka zambiri, akafika pamenepo ankakuwa kuti "Tsikani!" Aliyense ankatsika, amayi n'kuyenda wapansi, amuna n'kutola miyala yotchingira matayala, iwo n'kukwera chitundacho ndi giya yoyamba, injini ikubangula mpaka kumveka kumidzi. Dzina lawo loti Giyawani linabadwira pomwepo.

Pikapuyo anaigula matipate atangobwera, othawa nkhondo a ku Mozambiki akubwerera kwawo, bungwe lina limene linkawathandiza likugulitsa magalimoto ake. Masiku amenewo inali mfumu ya msewu. Inanyamula odwala, akwati, mabokosi a maliro, feteleza, ndipo nyengo yozizira ikafika, manachesi a dera lonse ankafika pa Boma pamsana pake. Sinali galimoto ya munthu wamba. Chiwongolero chake chinkafuna mapewa, ndipo usanalowe mumchenga unkayamba watsika kukapotokola timaloko ta pa matayala akutsogolo ndi dzanja. Kamodzi ka timalokoto kanali katafa tsopano, n'chifukwa chake inatitimira m'mawa umenewo, koma a Langton sakanavomereza zimenezo ngakhale mutawaika mpeni pakhosi.

Kwa Kanduku munthu akati "dalaivala", sankafunika kuwonjezerapo dzina. Chimenecho ndicho chinali chuma cha a Langton. Mbuzi analibe zambiri, malata a nyumba yawo anali adzimbiri, koma dzina anali nalo, ndipo ankalisamala kuposa mano a m'kamwa mwawo.

Tsono chaka chimenecho mayi Asiya, eni sitolo ina ya pa Boma amenenso amagula manachesi kukagulitsa ku Blantyre, analowetsa pa malire chipikapu choyera, chachitali moti munthu wamfupi ankachita kudumphira pokwera. Chinkanyamula katundu wa maulendo awiri a a Langton, kumbuyo n'kukokanso ngolo yodzaza, ndipo pa Tsikani chinkadutsa osatsitsa ngakhale nkhuku. Alimi anayamba kusamukira kumeneko mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake chopepesera. Amene anatsalira a Langton anali a Yakobe ndi achibale ena ochepa, ndipo iwonso ankatsalira chifukwa cha ubale basi.

Chowawa kwambiri chinali chakuti woyendetsa chigalimotocho anali Tadala, mwana wawo woyamba. Ali mtsikana, Tadala ankapempha tsiku ndi tsiku kuti bambo ake amuphunzitse. Iwo ankangomuseka. "Chiwongolero ichi ndi cha amuna, chingakuthyole manja. Pita ukathandize amako." A Yakobe ndiwo anagulitsa mbuzi n'kutumiza mwana wa mlongo wawoyo ku sukulu yoyendetsa galimoto ku Blantyre.

Pa bawo, a Langton ankalankhula mosabisa. "Icho si galimoto, ndi chidole cha mabwana. Injini yake munaimvapo? Ili zii ngati mphaka. Galimoto yamphamvu imalira! Muone, tsiku lina mudzandiitana kuti ndikachikoke."

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Langton atangozimitsa injini, anaona fumbi kumbuyo kwawo, ndipo anadziwiratu chimene chinkabwera.

Chigalimoto choyera chija chinafika mwakachetechete, ngolo ili pambuyo. Sichinaime n'komwe. Chinapatuka pambali, pamene mchenga uli wakuya kwambiri, n'kuwoloka ngati chikuyenda pa phula, kenako n'kukaima kutsidya. Tadala anatsika, nsalu ataimanga pamwamba pa buluku, n'kubwerera wapansi. Atafika anapinda bondo.

"Mwadzuka bwanji, ababa? Amalume, mwadzuka?"

"Tadzuka. Pitirira, ungachedwe," anayankha a Langton akuyang'ana kumbali.

"Ndimasule ngoloyi ndikukokeni. Si ntchito yaikulu."

Mawu akuti "si ntchito yaikulu" anawalasa a Langton penipeni. "Ndani wakuuza kuti ndatitimira? Injini ikupuma."

"Ikupuma kapena ikutsirizika?" anafunsa a Yakobe. "Alamu, tsobola wakale sawawa. Dzuwa likukwera ili, ndipo a malole a ku Blantyre akadzaza sadikira munthu. Manachesi athu akagona pano, mudya nokha?"

A Langton anaunguzaunguza. Amayi amene ankatunga madzi pa zitsime za mumchenga anali atatula ndowa zawo. Anthu a njinga anali ataima, ena mafoni ali m'manja. Anadziona okha ali pa chiwongolero, akukokedwa ndi mwana wamkazi ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo anadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikhala itafika mpaka kutali kwa Nthache. Pomwepo nzeru inawabwerera, nzeru ya mtundu umene umabwerera munthu akapanikizika. Akayendetsa okha chigalimotocho, nkhani ikanakhala ina: Giyawani anadzikoka yekha, ndipo chidole chija anachionetsa ntchito.

"Chabwino," anatero. "Masula ngoloyo, uchibweze pafupi. Koma kukoka galimoto si masewera. Pa chiwongolero ndikhalapo ine."

Tadala anatsitsa mawu. "Ababa, eni ake salola kuti wina aigwire."

"Wina? Ine ndine wina? Ndinayamba kugwira chiwongolero amako ndisanawafunsire n'komwe!"

Tadala anayang'ana amalume ake, koma a Yakobe anapeza chinachake chofunika kuchiyang'ana kumwamba. Anthu onse anali tcheru. Mwana woleredwa bwino sakaniza bambo ake pagulu, ndipo a Langton ankadalira chimenecho. Tadala anamasula ngolo, anabweza galimoto mpaka pafupi, n'kutsika injini ikadali yolira.

A Langton anasolola unyolo wawo wakale kuseri kwa mpando n'kuukoleka pa bampala ya kutsogolo ya pikapu yawo, chipaipi chimene owotcherera a pa Boma anachimata kambirimbiri.

"Tikoleke pansi, ababa, pa chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse," anatero Tadala. "Bampalayo ndi yowotcherera. Ndiponso unyolo uyambe wakungika, kenako tikoke pang'onopang'ono."

A Langton anaseka kuti anthu amve. "Mwamva za ku sukulu? Pang'onopang'ono! Galimoto yotitimira imafuna kuidzidzimutsa. Unyolo umausiya ugone pansi, wokoka n'kuthamanga, ukamakungika ndi mphamvu zonse inayo imazuka ngati chinangwa."

Ndipo sankanama. Ndi mmene ankakokera kale, pamene injini zinali zofooka, mphamvu n'kumachita kubwereka ku liwiro. Mwa njira imeneyo a Langton anazulapo ngakhale malole. Anakhazika a Yakobe m'pikapu yakale, n'kuwauza kuti angogwira chiwongolero chisakhote, iwo n'kukwera m'chigalimoto choyera chija.

M'katimo munali mozizira ngati m'banki. Mpando unawameza. Phazi lamanzere linapita lokha kukafuna kalachi n'kuponda pansi popanda kanthu, linabwerezanso, n'kupondanso pomwepo. Anatchera khutu kuti amve injini, osamva kanthu, ndipo thukuta linayamba kutuluka m'mphepo yozizirayo. Tadala anayandikira pawindo n'kulankhula motsitsa kuti anthu asamve.

"Yalira kale, ababa. Kalachi ilibe, magiya imasintha yokha. Kokani ndodo ya giyayo ifike apa. Kabatani koyendera mumchenga ndakadina kale. Chonde musaponde kwambiri, ingokhudzani. Iyi imamva msanga."

"Choka pamenepo," anatero a Langton, akumuingitsa ndi dzanja.

Safunsa anadya phula. A Langton anaponda faya mpaka pansi, monga anachitira moyo wawo wonse.

Pikapu yawo yakale ukaiponda choncho inkayamba yaganiza, kutsokomola, kenako n'kuyamba kusuntha ngati nkhalamba yodzuka pa mphasa. Iyi sinafunse. Inalumpha. Mutu wa a Langton unagunda kumpando, kumbuyo kunamveka chiphokoso ngati kung'ambika kwa denga la malata, kenako phwaa! magalasi anawaza m'khosi mwawo. Anaponda buleki ndi mapazi onse awiri, chifuwa n'kukagunda chiwongolero.

Atatsika, anaona zimene anachita. Bampala inali itazuka pamodzi ndi nyali ndi rediyeta, n'kuuluka pa unyolo kudzamenya chitseko cha kumbuyo cha galimoto ya mayi Asiya, galasi la kumbuyo n'kuphwanyika lonse. Pikapu yawo inali pomwe paja, itangosuntha phazi limodzi, kumaso kulibe, madzi otentha akutsanukira mumchenga. Chingwe chomangira chitseko chake cha kumbuyo chinali chitaduka, manachesi ali mbwee mtsinje wonse. Pakati pa nthunzi panali a Yakobe, atagwirabe chiwongolero ndi manja awiri, maso ali tong'o.

Kenako a Yakobe anasuzumira pawindo.

"Alamu, tafika pa Boma kodi?"

Chiseko chinaphulika. Amayi ena anayesa kutseka pakamwa ndi nsalu koma mapewa ankawaulula. A Langton anaima pakati pa mchenga, mutu uli zyoli. Anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire, manyazi otentha m'makutu, ndipo akanakonda mchengawo ukanawameza monga unamezera matayala.

Tadala yekha sanaseke. Anathamangira bambo ake n'kuwasasa magalasi paphewa. "Simunavulale?" Kenako anayang'ana chitseko chophwanyikacho nthawi yaitali. Anapempha anthu kuti amuthandize kutola manachesi, nawakweza m'ngolo yake pamwamba pa katundu wake.

"Ababa, kwerani ndikakusiyeni kunyumba."

"Pita."

Anabwerera wapansi, kudzera tinjira ta m'minda, kuti asakumane ndi munthu.

Akazi awo, a Liness, anali pakhonde akuswa mtedza. Nkhani inali itawapeza kale, chifukwa nkhani yotere imathamanga kuposa mwini wake. A Langton analowa m'nyumba n'kunena kuti akumva malungo. A Liness sanatsutse. Malungo ake ankawadziwa, si a udzudzu.

Mawa lake masana a Liness analowa kuchipinda n'kuima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Tadala ali kwa amalume ake. Makiyi amulanda."

A Langton anadzuka. "Chifukwa cha galasi?"

"Wawauza mayi Asiya kuti ankayendetsa ndi iye. Akuti phazi linaterereka."

Tinene zoona, chimene chinayamba kubwera mumtima mwa a Langton chinali mpumulo. Ndiye kuti pa Boma, pamene pali madalaivala anzawo, dzina lawo likadali loyera. Mpumulowo unakhala kanthawi kochepa, kenako anadziona mmene analili, bambo wamkulu wobisala kuseri kwa mwana wake, ndipo manyazi a dzulo anaoneka aang'ono.

"Ndani anamutuma kunena zimenezo?"

"Palibe. Wavula nsalu yake kuti akufunditseni inu, iye n'kutsala pambalambanda. Manyazi anapha lambe, bambo a Tadala, koma anuwa akupha mwana, eni ake muli gone m'nyumba."

"Ndiye ndikanene chiyani? Kuti Giyawani sadziwa kuyendetsa galimoto?"

"Kuti sadziwa kuyendetsa galimoto iyoyo. Kodi ndi bodza?"

A Langton anakhala m'mphepete mwa bedi akuyang'ana manja awo, manja a zikang'a amene anapotokola chiwongolero cholemera kwa zaka zonsezo. Kenako anafunsa kumene kunali malaya awo a kutchalitchi.

Pa Boma anafika pa kabaza, atakhala kumbuyo kwa njinga ngati thumba la makala. Atadutsa pa siteji ya matola wina anakuwa kuti, "A Giyawani, galimoto mwaisiya kuti?" Wina analiza pakamwa ngati injini, anzake n'kugwa nacho chiseko. Ndiye kuti bodza la Tadala silinaphimbe kanthu. A Langton anangoyang'ana msana wa wopalasa njingayo.

Chigalimoto chija chinali kuseri kwa sitolo, pa galasi atamatapo pepala la pulasitiki. Mayi Asiya anali m'kati akuyeza nsalu, mpango uli kumutu. A Langton anavula chipewa n'kudikira mpaka wogula atatuluka.

"Mayi, ndabwera ndi nkhope yanga yomweyi. Galimoto yanu sanaphwanye Tadala. Ndinaphwanya ndine. Iye anakana, anandiuza kuti simulola, koma ndinamukakamiza pamaso pa anthu."

Mayi Asiya anapinda nsalu ija bwinobwino, anatenga foni n'kuwapatsa. "Taonani."

A Langton anadziona okha. Wina anajambula zonse. Anaona bampala ikuuluka, anaona manachesi akukhuthuka, koma chimene chinawabaya sichinali chimenecho. Chinali kanthawi kochepa zisanachitike: Tadala atawerama pawindo, akunong'ona kuti asawachititse manyazi, ndipo dzanja lawo likumuingitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Anabweza foniyo maso ali pansi.

"Izi ndinaziona dzulo lomwelo, Tadala asanafike n'komwe," anatero mayi Asiya. "Galasi limagulidwa, a Langton. Chimene chinandipweteka n'chakuti mwana amene ndimamukhulupirira anandiyang'ana m'maso n'kunama. Ndinamufunsa mobwerezabwereza, iye ali pomwepo, phazi linaterereka, phazi linaterereka."

"Ananamira ine, mayi. Chilango chikhale changa."

"Ndinamuuza kuti mwini mlandu akabwera ndi miyendo yake tidzakambirana. Kunena zoona, sindinkayembekeza kuti mubwera."

Mawu amenewo nawo anawawa, koma a Langton anawalandira. Anazunguza chipewa m'manja.

"A Mateyu a chigayo akhala akundipempha kuti ndiwagulitse injini ya pikapu yanga. Ine ndimakana. Injiniyo ndi yabwinobwino, sinakhudzidwe. Ndiwapatsa. Ikonze galasi ndi chitseko chanu, mwana abwerere pa ntchito."

Mayi Asiya anawayang'ana nthawi yaitali. "Galimoto imeneyo inatengera mayi anga kuchipatala nthawi ya dzinja, ena onse atakana msewu. Ndikudziwa chimene mukupereka." Anatsegula kabati n'kutulutsa makiyi, kanthu kakuda konga bokosi la machesi. "Kampatseni mwanayo, mawa akakukokereni pikapuyo mpaka kwa a Mateyu. Ndati kampatseni, a Langton. Sindinati kayeseni."

A Langton anayesa kumwetulira koma sizinatheke. Madzulo asanafike anali pakhomo pa a Yakobe. Tadala anatuluka maso ali ofiira, n'kugwada. Iwo anamupatsa makiyiwo ndi manja awiri.

"Ababa, munapita? Simukanapita."

"Ndikanapita dzulo," anatero, n'kutembenuka msanga.

M'mawa mwake pa Tsikani panadzaza anthu kuposa tsiku loyamba. Ena anabwera ndi nzimbe ngati akudzaonera mpira. Pikapu yakale inali pomwe paja, yopanda nkhope, mbuzi zikudya makoko a manachesi pansi pake. Tadala anafika, anabweza galimoto, n'kutenga unyolo kuti akwawire pansi. A Langton anamuletsa.

"Ndipatse. Ungondiuza."

Anagona chagada mumchenga ndi malaya awo abwino, n'kukwawira pansi pa galimoto imene ankaidziwa ngati chikhatho chawo. "Pano?" anafunsa mokweza, anthu onse akumva.

"Sunthirani m'kati pang'ono. Pamenepo, ababa."

Anakoleka, anatuluka, anadzisasa, n'kukhala pa chiwongolero chawo. Tadala anakwera galimoto yoyera kutsogolo. Sipanamveke kubangula kulikonse. Chigalimoto choyera chinasuntha pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza, unyolo unadzuka mumchenga, unawongoka, unakungika. A Langton anagwiritsa chiwongolero kudikira kudzidzimuka, koma sikunabwere. Anangomva matayala akukwera kuchoka m'maenje muja, mofatsa, ndipo asanadziwe anali atawoloka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero mayi wina, n'kusenza ndowa yake.

A Langton anaona kuchepa kwa chimene chinkafunika, kungokhudza basi, monga mwana ananenera. Anafika pa chitunda. Pakamwa pawo panatseguka pokha kuti akuwe "Tsikani!" koma panalibe woti atsike, panalibenso wotola miyala. Pikapu yawo inakwera chitunda chonsecho ili chete, kwa nthawi yoyamba ndi yomaliza, anthu akuitsata wapansi. Chiwongolero chinali cholemera monga kale, koma tsopano chinalibe kwina kolowera kupatula kumene unyolo unkapita.

Pamwamba Tadala anaima n'kutsika kudzaona unyolo. Anthu anawazungulira. A Yakobe anafika akupuma movutikira, nthabwala ili kale pa milomo.

"Zili bwanji kumbuyo kuno, ababa?" anafunsa Tadala. "Ndikuthamanga?"

A Langton anamuyang'ana mwana wawo kumaso, chinthu chimene anali asanachite chiyambire nyengo ya manachesi.

"Ayi, mukuyenda bwino," anatero mokweza. "Tiyeni, a dalaivala. Ine ndikutsatani."

A Yakobe anatseka pakamwa. Tadala anaima kanthawi, anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kubwerera ku galimoto yake. Unyolo unakungikanso, ndipo anayamba ulendo wa kwa a Mateyu, a Langton ali pambuyo.